Mtsuko wa tiyi wa ku China ukutuluka zoyera kumunsi, nditani?

Phiri: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'shopu mwathu muno ku Johannesburg mwabwera mtsuko wakale wa ku China, wa makutu anayi paphewa. Glaze yake (chopaka chonyezimira ngati galasi cha kunja kwa mtsuko) ndi yabulauni ndipo sinafike pansi. Kumunsi kukutuluka zoyera ngati ufa, ndikapukuta zimabweranso, ndipo glaze yayamba kusupuka m'mphepete. Kasitomala akufuna azisungiramo tiyi wa masamba. Ndiuviike mu Jik?

Nachisale: Jik ayi, achimwene! Umenewo ndi mchere. Mtsukowo unakhalitsa ponyowa kapena m'nthaka, dongo n'kumwa mchere. Pano ukamauma, mcherewo ukutuluka uku ukukankha glaze. Jik amalowa m'ming'alu n'kukasiyamo mchere winanso. Uviikeni m'madzi a distilled (oyengedwa, opanda mchere uliwonse), muzisintha madziwo mpaka mchere uthe, kenako uume pang'onopang'ono pamthunzi.

Mbewe: Zoona achemwali, koma madzi abwere pomaliza. A Phiri, yambani mwauunika ndi tochi ya UV (yonga yoyezera ndalama zabodza) mumdima. Pomwe anamatapo kale pamawala mosiyana ndi pena ponse, ndipo makutu ndiwo amakhala omata kawirikawiri. Guluu wakale amafewa m'madzi, mudzapeza khutu lili pansi pa beseni. Glaze yosupukayo muigwiritse kaye ndi guluu wa okonza zoumba wotchedwa Paraloid B-72 wosungunula m'mankhwala a acetone, apo ayi ithothokera m'madzimo.

Phiri: Ndaunika. Khutu limodzi ndi lomatadi. Nanga zaka ndilembe chiyani? Mwini wake akuumirira kuti ndi wa nthawi ya mafumu akale a ku China otchedwa Ming.

Mbewe: Aliyense wobweretsa mtsuko amati ndi Ming! Maonekedwe amenewo ndi a kummwera kwa China, ku Guangdong ndi Fujian, ndipo akhala akuumba yotere kwa zaka mazanamazana. Ina ndi yamtengo wapatali zedi. Mtsuko wotchedwa Chigusa, womwe nyumba yosungiramo zakale ya Freer Gallery ya ku Washington inagula mu 2009, unaumbidwa m'zaka za m'ma 1200 kapena 1300 ngati mtsuko wamba, ndipo unadzatchuka ku Japan pakati pa akatswiri a tiyi m'ma 1500. Koma yambiri yomwe imatipeza ife ndi ya m'ma 1800 kapena 1900. Umboni wa zaka umachokera ku mayeso a thermoluminescence, oyeza nthawi yomwe dongo linawotchedwa: amaboola pansi n'kutengako kaufa, ndipo mtengo wa mayesowo ungapose wa mtsukowo. Lembani kuti ndi wa kummwera kwa China, khutu limodzi lomata, basi.

Nachisale: Za tiyizo, mtsuko wotenthedwa kupitirira madigiri 1200 nthawi zambiri glaze yake sikhala ndi mtovu, choncho nkhawa yanga si imeneyo. Tiyi amakoka fungo ndi chinyezi msanga, ndiye mu mtsuko wa mchere ndi guluu awonongeka. Ku Japan ankatseka ndi chivundikiro cha mtengo n'kumata pepala kukamwa. Kasitomala wanuyo aike tiyi m'paketi yotseka bwino, paketiyo ndiye ilowe mu mtsuko.

Phiri: Zikomo nonse. Kuviikako ndikusiyira wokonza zoumba, achotse kaye khutulo. Kasitomala ndimuimbira mawa, mtengo utsike.