Galu wathu wokalamba wasiya kudya: ndimuphikire chiyani, ndipo angakhale akudwala chiyani?

Mayi wophika wa ku Ulongwe

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndimakhala ku Ulongwe m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ntchito yanga ndi ya kukhitchini: ndimaphikira banja langa, komanso m'mawa uliwonse ndimakazinga mandasi ndi zitumbuwa zimene mwana wanga wamkazi amakagulitsa kumsika. Lero ndabwera ndi nkhawa ya galu wathu, Dekhani, amene takhala naye zaka 9 kuchokera pamene anali kagalu kokwana m'manja.

Zaka zonsezi, ndikadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti ndikoleze mbaula, ndimamupeza atafika kale pakhomo la khitchini, ndipo amagona pambali pa thumba la makala mpaka nditamaliza kukazinga, chifukwa amadziwa kuti mkute ndi nkhoko za mumphika wa nsima ndi zake. Koma Lachisanu lapitali sanabwere. Ndinakamupeza atadzipinda pansi pa nkhokwe, ndipo nditamuitana anangogwedeza mchira kawiri osadzutsa mutu. Lero ndi tsiku lachisanu asanadye chakudya chooneka. Makutu ake akutentha, akaimirira miyendo yakumbuyo ikugwedezeka, madzi akumwa pang'ono pang'ono, ndipo dzulo ndinaona kuti mkodzo wake ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Ndayesa zonse zimene amazikonda. Ndinamusakanizira nsima ndi msuzi wa nyemba zimene ndinaphika ndi anyezi ndi tomato, ananunkhiza n'kutembenuka. Ndinamukazingira kapenta, ananyambita kamodzi kokha. Mayi wina woyandikana nafe akuti ndimupatse mapiritsi a paracetamol kuti thupi lizizire, pamene bambo wina akunenetsa kuti galu aliyense wosiya kudya ndiye kuti wayamba chiwewe ndipo tiyenera kumupha zinthu zisanaipe. Mawu amenewa andisowetsa tulo, pakuti pakhomo pano pali adzukulu anga awiri aang'ono amene amasewera naye tsiku ndi tsiku. Katemera wa chiwewe anabayitsa chaka chatha ndipo khadi lake ndili nalo, sanalume munthu aliyense, dovu sakuchucha. Ndikupempha amene mumadziwa za ziweto mundiuze chimene ndingachite, ndiponso chimene ndingamuphikire kuti abwezeretse mphamvu.

Mlimi wa ng'ombe wa ku Domwe

Mayi, pepani ndi matendawa. Ine ndaweta ng'ombe ndi agalu kuyambira ndili mnyamata, ndipo zimene mwafotokozazi ndaziona kangapo, makamaka nyengo ino ya mvula pamene udzu watalika ndipo nkhupakupa zachuluka paliponse. Chonde mukwezeni mlomo wam'mwamba muone nkhama zake. Galu wamoyo amakhala ndi nkhama zofiirira bwino, koma mukapeza kuti zayera mbuu kapena zayamba chikasu, dziwani kuti magazi akumuthera. Mufufuzenso m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala za miyendo, chifukwa nkhupakupa zimakonda kubisala mmenemo.

Ndikufuna ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene ine ndinalakwitsa ndipo mpaka lero chimandipweteka mumtima. Galu wanga wina atadwala chonchi, ndinatenga mankhwala a jekeseni amene timabaya ng'ombe zikamakodza magazi, n'kumubaya mongoyerekeza ndi maso. Tsiku lachiwiri anayamba kuzungulirazungulira ndi kuuma khosi, ndipo sanafike tsiku lachitatu. Mlangizi wa ziweto anadzandiuza pambuyo pake kuti mankhwala anali oyenera ndithu, koma muyezo ndi umene unamupha. Choncho akabwera wina ndi botolo la ng'ombe kudzakuthandizani, mumuthokoze mwaulemu koma musalole. Inu muli pafupi ndi boma, pitani ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ntchito zachuma, kumene kuli gawo loona za ziweto, mukafunse mlangizi kuti adzamuone kapena mumutengere komweko.

Mlangizi wa ziweto wopuma pa ntchito, Moatize

Mayi, ndikugwirizana ndi bambo a ku Domwe, ndipo ndingowonjezera chifukwa chake zinthu zikuoneka motero, kuti mukakafika kwa mlangizi mukafotokoze bwino. Kutentha thupi, kufooka, kukana chakudya ndi mkodzo wofiirira zikabwera pamodzi nyengo ya mvula, choyamba kuganizira ndi matenda a nkhupakupa otchedwa babesiosis. Nkhupakupa ikakhala pathupi la galu kwa tsiku limodzi kapena awiri ikuyamwa, imalowetsa m'magazi tizilombo tating'ono kwambiri timene timakakhala m'kati mwa maselo ofiira n'kumawaswa. Maselowo akasweka ambiri, utoto wake wofiira umatulukira mumkodzo, n'chifukwa chake mukuona mtundu wa tiyi uja. Nkhama zimayera chifukwa magazi achepa, ndipo miyendo imagwedezeka chifukwa mpweya wabwino sukufika mokwanira m'minofu. Kutentha kwa thupi la galu wabwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, ndipo amene ali ndi matendawa kawirikawiri amapitirira 40. Palinso matenda ena a nkhupakupa otchedwa ehrlichiosis, amene nthawi zina amabwera pamodzi ndi oyambawa, ndipo mankhwala ake ndi mapiritsi a doxycycline omwa kwa masiku 28 osadumphitsa. Wotha kusiyanitsa ziwirizi ndi amene amugwire galuyo, amuyeze thupi, ndipo ngati zida zilipo, ayang'ane kadontho ka magazi ochokera kukhutu pa makina oonera tizilombo.

Jekeseni imene bambo aja atchula ndi diminazene, imene alimi ambiri amaidziwa ndi dzina la Berenil. Imachiritsadi agalu, koma malire a pakati pa muyezo wochiritsa ndi muyezo woononga ubongo ndi ochepa kwambiri, motero galu ayenera kuyezedwa pa sikelo asanabayidwe, ndipo sabwerezedwa jekeseniyo patangopita masiku ochepa ngakhale aoneke ngati sanachire msanga. Ngati kwa mlangizi kulibe sikelo, bwerekani ya ogula chimanga kapena mbatatesi, mumuike galuyo m'thumba n'kumupachika pang'ono, kulemera kwake mukulembe.

Paracetamol musamupatse. Mankhwala amenewa amaononga chiwindi cha galu ndi maselo ofiira omwewo amene akusweka kale, ndipo ibuprofen nayenso amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuononga impso. Chinanso chimene ndikudziwa kuti chikhudza mtima wanu monga wophika ndi anyezi. Anyezi ndi adyo, kaya ndi waiwisi, wokazinga kapena wophikidwa mumsuzi, ali ndi mphamvu yoononga maselo ofiira a galu. Galu wathanzi wonyambita msuzi pang'ono mwina sangaonetse vuto, koma kwa amene magazi achepa kale, msuzi wa ndiwo zathu umangowonjezera moto pa moto.

Pa za chiwewe, zizindikiro zimene mwatchula sizikuloza kumeneko, makamaka poti anabayitsa katemera ndipo akumwabe madzi. Komabe matenda amenewa sitisewera nawo, chifukwa akangoonekera mwa munthu sachizika. Sikuti galu aliyense wachiwewe amakhala wolusa. Pali mtundu wina umene galu amangofooka, chibwano chimalendewera, amalephera kumeza ndipo dovu limachucha. Choncho pokweza mlomo wake valani pepala la pulasitiki kumanja kapena gwiritsani nsalu, adzukulu akhale patali mpaka mlangizi atamuona, ndipo muzimumangirira pamalo amodzi. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumupha galu popanda womuyeza sikukuthandizani kudziwa chimene chinali m'thupi mwake. Musadikire mawa, mayi, chifukwa masiku asanu ndi ambiri kwa galu wa zaka 9.

Mayi wa ku Matundo, Tete

Mayi mnzanga, za mankhwala akuluakulu anena kale, ine ndingolankhula za mphika, poti nanenso ndinasamalirapo galu wodwala chonchi. Chimene ndinaphunzira n'chakuti wodwala amafuna mphika wakewake, osati zotsala za ife. Tengani nyama ya nkhuku pang'ono, muchotse khungu ndi mafuta, muiwiritse m'madzi okhaokha popanda mchere, anyezi, tomato kapena mafuta ophikira. Msuzi umenewo muuziziritse mpaka ukhale wofunda ngati mkaka wa mwana, ndipo muphikire phala lamadzimadzi la ufa woyera kapena mpunga wofewa kwambiri. Musamuikire mbale yodzaza, chifukwa galu wodwala akaona chakudya chambiri amangotembenuka. Masupuni awiri kapena atatu pa maola atatu aliwonse ndi okwanira poyamba. Akayamba kulandira, muwonjezere dzira lowiritsa, kachidutswa ka chiwindi chophika, ndi dzungu lophika lophwanyidwa bwino, poti kwanuko maungu ayamba kale kupezeka. Chiwindi chimathandiza magazi, koma chikachuluka chimatsegula m'mimba, ndiye kachidutswa kangati bokosi la machesi n'kokwanira pa tsiku.

Kapenta wouma ndi nsomba zouma za ku Chicoa zimene timazikonda kuno zimakhala ndi mchere wambiri, motero muzisiye kaye, kapena muziviike ndi kutaya madzi kangapo musanaphike. Mafupa a nkhuku ophika asawaone n'komwe, chifukwa amasweka ngati zisonga n'kubaya matumbo. Ndiponso poti ino ndi nyengo ya dowe, muwauze ana kuti asamataye zitsononkho paliponse, pakuti galu akameza chidutswa chimatha kutseka matumbo.

Kuno ku Tete vuto lathu ndi kutentha, timavutika kuwapezera mthunzi, koma kwanu kumtundako usiku kumazizira ngakhale nyengo ya mvula, ndipo galu wochepa magazi amamva kuzizira msanga. Pansi pa nkhokwe pali chinyontho. Muyalireni chiguduli chouma pakona ya khitchini, pamene amamva fungo lanu ndi kutentha kwa mbaula.

Mayi wophika wa ku Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndachedwa kuyankha chifukwa masiku atatu apitawa ndinali wotanganidwa ndi wodwalayu, ndipo mandasi omwe sindinakazinge kawiri konse.

Nditangowerenga mawu anu, bambo a ku Domwe, ndinavala pepala kumanja n'kukweza mlomo wake, ndipo ndinachita mantha, chifukwa nkhama zinali zoyera ngati ufa. M'khutu lakumanzere lokha ndinapezamo nkhupakupa 7, zina zitakhuta mpaka kufanana ndi nsatsi. Ndinadzimvera chisoni kuti ndimamuona m'mawa uliwonse koma sindinaganizepo zomusanthula m'makutu. Mwana wanga wamwamuna anamuyeza pa sikelo ya wogula chimanga, anakwana makilogalamu 14, ndipo tinamuika mudengu lalikulu panjinga mpaka kwa mlangizi. Atamuyeza anapeza kuti thupi lafika madigiri 40.5, anamubaya jekeseni imodzi molingana ndi kulemera kwake, anatilembera mapiritsi, ndipo anatiuza kuti tibwerenso pakatha sabata. Anatichenjezanso kuti tisamuthire mankhwala opopera fodya kapena thonje pofuna kupha nkhupakupa, monga ena amachitira, koma tigule mankhwala opangidwira agalu, timwete udzu kuzungulira nyumba ndi kumata ming'alu ya khoma pamene amagona.

Nkhani ya anyezi ija yandikhudza kwambiri, bambo a ku Moatize, chifukwa ine sindiphika ndiwo popanda anyezi, ndipo kwa zaka zonsezi msuzi wotsala ndimathira pa mkute wake poganiza kuti ndikumukomera mtima. Tsopano ndapatula kapoto kakang'ono kamene ndinkawiritsira tiyi, ndipo ndi kake. Ndikamaphika ndiwo za banja, ndimayamba ndachotsa nthuli yake ndisanathire mchere ndi anyezi. Si ntchito yaikulu, yangosintha ndondomeko ya manja anga basi.

Tsiku loyamba anakana phala lija, mayi a ku Matundo, ndipo ndinangomudonthezera msuzi pakona ya mlomo ndi supuni. Dzulo masana ananyambita masupuni atatu yekha, madzulo anadya theka la dzira. Mkodzo wayamba kuyera, ngakhale nkhama zidakali zotuwa ndipo akayenda kuchoka pakhitchini kufika pamtengo wa pichesi amakhala pansi kupumula. Adzukulu ndawaletsabe kumugwira, ndiye amangokhala pakhonde n'kumamuitana dzina chapatali. Bambo uja amene ankanena za chiwewe anabwera dzulo kudzaona, ndinamuonetsa khadi la katemera ndi pepala la mlangizi, ndipo tinasiyana bwino. Sindimuimba mlandu, chifukwa nayenso ali ndi ana ndipo mantha ake ndi omveka.

Lero m'bandakucha ndakoleza mbaula monga mwa masiku onse, ndipo mafuta atayamba kulira m'chiwaya, Dekhani anadzuka pachiguduli chake, anayenda pang'onopang'ono n'kudzagona pambali pa thumba la makala. Sindinamupatse chitumbuwa chifukwa cha mafuta, ndinamufunditsira phala lake. Ndili ndi funso limodzi lotsala kwa inu bambo a ku Moatize: mapiritsiwa akumusanzitsa ndikamupatsa m'mimba mulibe kanthu, kodi ndingawabise m'kambamu ka nsima yofewa kapena m'dzira, kuti ameze pamodzi ndi chakudya?