Ndithandizeni, GitHub ikukana git push ku repository ya gulu

Akuluakulu, ndipatseniko nzeru pa nkhani ya GitHub.

Ndangolowa kumene m'kagulu ka anthu ongodzipereka amene akupanga pulogalamu ya pafoni, ndipo code yonse ili mu repository (nkhokwe yosungiramo code) ya organisation yawo, akaunti ya gulu lonse pa GitHub. Mtsogoleri wathu anandiitana, uthenga unabwera pa imelo, ndinavomera. Ndikalemba git clone (kukopera code pa laputopu yanga) zonse zikubwera bwinobwino. Koma ndikati git push (kutumiza code yanga ku GitHub), ikungobweza 403, ati akaunti yanga ilibe chilolezo.

Ndikudziwa kuti GitHub inasiya kulandira password pa Git mu Ogasiti 2021, n'chifukwa chake ndinapanga token (chiphaso cholowa m'malo mwa password), ya mtundu uja wa fine-grained, womwe umachita kusankha wekha zilolezo zake. Apa m'pomwe mutu waima. Kodi token yotereyi imafunika kuti eni organisation ayambe aivomereza? Kapena anandipatsa udindo wa Read kapena Triage, pomwe kutumiza code kumafuna Write? Ndingauone pati udindo wangawo ndekha? Mtsogoleriyo ndi munthu wotanganidwa, mauthenga amayankha mwa apo ndi apo, sindikufuna kumamugogodera pa chilichonse.

Mnzanga wina akuti ndisiye HTTPS, njira yolumikizirana ndi GitHub yomwe ndikugwiritsa ntchito panopa, ndiike SSH key, kiyi ya njira ina yolumikizirana. Ine ndikuona ngati sizingathandize ngati vuto lili pa udindo, koma mundikonze.

Chinanso, ndimati podikirapo ndipange fork (kope langa la repository) n'kutumiza pull request (pempho loti alandire code yanga). Repository yake ndi ya private, ndipo batani la Fork langotuwa, silikudinika. Zimenezi amatsegula ndani, admin wa repository kapena mwini organisation? Ntchito ndinamaliza kale, yangokhala pa laputopu.

Zikomo.