Kuika mita yoyeza kayendedwe ka madzi pa mapaipi a dziwe losambiramo

Funso

Ndimayang'anira dziwe losambiramo la malita 50,000 pa malo ena ogona alendo ku Salima, ndipo posachedwapa tinaika pampu yotha kusintha liwiro pofuna kuchepetsa ndalama za magetsi. Chondivuta n'chakuti tikatsitsa liwirolo sindidziwa ngati madzi akudutsa mokwanira mu fyuluta. Ndikufuna kuika mita pa mapaipi a PVC a mamilimita 50 amene alipo kale, koma osaphwasula zambiri. Kodi iyenera kukhala pati, nanga mtundu woyenera ndi uti?

Yankho loyamba

Bambo, yambani mwawerengera. Kuti madzi onse a m'dziwelo adutse mu fyuluta pa maola 8, pafunika malita 6,250 pa ola, kapena kuti pafupifupi 104 pa mphindi, choncho sankhani mita imene nambala imeneyi ikugwera chapakati pa sikelo yake.

Malo abwino ndi paipi yobwezera madzi ku dziwe, madzi akatuluka mu fyuluta koma asanafike pa makina othira klorini, chifukwa pamenepo madzi amakhala atasefedwa ndipo zinyalala sizitseka timabowo ta mita. Mtundu wa Blue-White F-300 sulira kudula paipi. Mumazimitsa pampu, kutsegula kavalavu ka mpweya ka pa fyuluta, kuboola bowo limodzi pamwamba pa paipi yogona, kupala tizidutswa ta pulasitiki m'mphepete mwa bowolo, kenako n'kumanga mitayo ndi zomangira ziwiri, molingana ndi mbali imene madzi akupita. Koma imafuna paipi yowongoka, pakuti madzi akangokhota pa elibo amavunduka ndipo kachitsulo ka m'kati mwa mita kosonyeza nambala kamangovinavina. Lamulo limene ambiri amatsatira n'lakuti kumbuyo kwa mita, kumene madzi akuchokera, kutsale utali wokwana kukula kwa paipi kuchulukitsa ka 10, kutsogolo ka 5, kutanthauza masentimita 50 ndi 25 pa paipi yanu.

Yankho lachiwiri

Zimene anenazo n'zoona, koma musafulumire kuitanitsa. Mita zambiri za ku America zinapangidwira mapaipi a mainchesi, ndipo paipi ya inchesi imodzi ndi theka kunja kwake ndi mamilimita 48.3, osati 50. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, komabe mita yoboolera paipi imadalira kukula kwa m'kati mwake, ndiye ikasemphana ndi paipi imakunamizani tsiku lililonse. Wogulitsa akutsimikizireni kuti ndi ya mamilimita 50, ndipo ikakhala yowerenga magaloni a ku America, galoni imodzi ndi malita 3.785.

Yankho lachitatu

M'tinyumba tambiri ta pampu mulibe paipi yowongoka yotalika chotero. Ngati kwanunso kuli kothina, ganizirani za mita ya FlowVis, imene imakhala m'kati mwa valavu yoletsa madzi kubwerera ndipo imaikidwa ngakhale pafupi ndi elibo, ngakhale kuti pulambala ayenera kudula paipi ndi kumata ndi guluu. Mukamaliza, tsukani mchenga wa mu fyuluta, kenako mutsitse liwiro pang'onopang'ono mpaka mita iwerenge malita pafupifupi 120 pa mphindi, chifukwa nambalayo izitsika yokha fyuluta ikayamba kuda.