Kujambula depoti ya Zomba ndi penti wa mafuta: ndiyambire pati?

Wa ku Matawale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikufuna kujambula piringupiringu wa pa depoti: maminibasi, akabaza, ogulitsa nthochi, phiri kumbuyo. Nditani kuti anthu asaoneke ngati zidole, komanso mitundu isasanduke matope?

Wa ku Chinamwali:
Achimwene, anthu muwasiye kaye. Pakani gesso (penti woyera woyambira pansi) kawiri pa kanivasi, akauma mupake burnt sienna (penti wa bulauni wofiirira) wosungunula ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti) kuti kuyera kuchoke. Kenako lembani mzere wopingasa pamene pali maso anu mutaimirira. Pamalo athyathyathya, mitu ya anthu akuluakulu oimirira imagwera pafupi ndi mzerewo, kaya ali pafupi kaya patali. Munthu akamatalikira, chimene chimakwera m'mwamba pa chithunzi ndi mapazi ake. Mukaphonya apa, anthu amaoneka akuyandama. Akutaliwo burashi ingogunda kawiri, thupi ndi mutu, basi. Nkhope mujambule za anthu atatu akutsogolo okha.

Wa ku Sadzi:
Matope amabwera mukasakaniza mitundu yoposa itatu, kapena mukamabwerezabwereza pa penti wosauma. Yambani ndi mithunzi ya pansi pa maminibasi ndi m'makonde, kuwala kubwere komaliza. Phiri lipatseni ultramarine (penti wa buluu), woyera ndi kobiriwira pang'ono chabe. Mukalibiriwitsa kwambiri limalumphira kutsogolo kwa msika. Penti woyamba akhale wopyapyala, mafuta a linseed (osakanizira penti) muziwonjezera m'mapakidwe apamwamba, apo ayi chithunzi chimang'aluka chikamauma.

Wa ku Mpondabwino:
Kuwonjezera apo, burnt umber (penti wa bulauni woderapo) amauma m'masiku 2, koma titanium white (penti woyera) amatha kudya sabata, makamaka nyengo ya mvula kuno. Vanishi dikirani miyezi 6. Chonde nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja motambasula.