Mano a mwana wa osteogenesis imperfecta akutha, tiwatchinjirize ndi chiyani?

Moni nonse madokotala a mano. Tili ndi mwana wa zaka 5 wodwala osteogenesis imperfecta (matenda obadwa nawo ochititsa mafupa kuthyoka msanga), mano ake ndi otuwa mofiirira. Collagen wake (puloteni yolimbitsa mafupa ndi mano) ndi wolakwika chibadwire, ndiye dentine (gawo la dzino la pansi pa enamel) ndi yofewa, enamel (chikuto cholimba cha kunja kwa dzino) ikusowa pogwira, ikungobenthuka zidutswa. Mano otafunira atha mpaka kuyandikira nkhama. Pa X-ray mizu ndi yaifupi, yoonda, pulp (m'kati mwa dzino modutsa mitsempha) yatsekeka.

Tayesa composite (chomatira mano choyera) koma ikumatuka, poti bonding (kugwirana kwake ndi dzino) imadalira collagen yemweyo. Glass ionomer (simenti ya mano) ikugwira ndithu, kungoti ikutha msanga. Fluoride varnish (mankhwala opaka pa mano) siikuletsa kuthako.

Kodi stainless steel crown (chivindikiro chachitsulo cha dzino), yoika mwa njira ya Hall (kuveka osapala dzino), ingagwire pa dzino lalifupi chonchi? Nanga poti mwanayu akulandira pamidronate (mankhwala olimbitsa mafupa), inu amene munazulapo dzino mwana wotere munasamala chiyani?