Ndikufuna kuchotsa Berkeley DB mu pulogalamu yanga, koma magulu asanu sanasamuke. Nditani?

Wofunsa, Dedza boma:

Moni nonse m'gulu muno. Nkhani yanga ndi yaitali pang'ono, mundipirire.

Kuyambira 2014 ndimasamalira kapulogalamu kamene kamayenda pa seva zazing'ono m'maofesi a magulu a alimi kuno ku Dedza ndi mbali ya Ntcheu. Kamasunga mayina a mamembala, ngongole za feteleza ndi mbewu, komanso matumba a kachewere amene aliyense wabweretsa kuti agulitsire pamodzi. Poyamba ndinasankha Berkeley DB, database (mosungira data) ya kampani ya Oracle, chifukwa sifuna seva yakeyake, ndipo makompyuta a m'maofesimo ndi okalamba. Mu 2021 ndinawonjezera database ina yotchedwa SQLite, magulu 9 mwa 14 n'kusamukira kumeneko. Otsala ndi asanu: awiri cha ku Bembeke, limodzi ku Mayani, limodzi ku Lizulu, lina kumtunda kwa Tsangano.

Ndatopa kusenza mitolo iwiri. Chilichonse chatsopano ndimalemba kawiri, kuyesanso kawiri. Magetsi akathima munthu ali mkati molemba, kumene kuli Berkeley DB ndi kumene foni imachokera, ine n'kukwera njinga yamoto kukayendetsa db_recover, chida chokonzera database ikasokonekera. Chinanso, Oracle itasintha laisensi kukhala AGPL mu 2013, a Linux ya Debian ndi Ubuntu anangoima pa Berkeley DB 5.3, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina ndidzaika Linux yatsopano n'kupeza library yake kulibe.

Funso langa: ndikachotsa database yakaleyi, njira yosamutsira data ndiisiye mkati mwa pulogalamu kapena ayi? Ndikaisiya, library ija ifunikabe, ndiye ndachotsa chiyani? Ndikapanda kuisiya, munthu wobwera ndi fayilo yakale chaka chamawa ndidzamuuza chiyani?

Mnyamata wa ku Kawale:

Bwana, magulu asanu okha? Thirani mafuta m'njinga, sabata imodzi mwamaliza onse. Mukabwerako mufufute code yakaleyo, mugone tulo.

Wofunsa:

Zikanakhala choncho sindikanavutitsa gulu, achimwene. Asanuwo ndi amene ndikuwadziwa, koma alipo ena. Chaka chatha anandiimbira anthu a ku Angonia, tsidya la Mozambique, kuti pulogalamu yakana kutseguka. Ine sindinawaikire. Anakopera pa flash kwa anzawo a ku Lizulu, paja kumeneko ukangowoloka msewu uli kale dziko lina. Komanso ngakhale magulu amene anasamuka ali ndi ma backup a zaka zakale m'madirowa. Pakabuka mkangano wa ngongole ya 2017, flash imeneyo ndiyo imatulutsidwa pamaso pa komiti.

Mkulu wina, amasamalira ma seva ku Lilongwe:

Mwachita bwino kufunsa musanadule. Njira imeneyi ena anadutsamo kale, ndipo anadutsa mosiyana.

A OpenLDAP, pulogalamu yosunga mndandanda wa anthu pa netiweki, anachotsa bdb ndi hdb, zimene zinkadalira Berkeley DB, mu version 2.5, mu 2021, n'kutsala ndi kasungidwe kawo ka mdb. Kuti usamuke umayenera kutulutsa data ndi slapcat ya version yakale kukhala fayilo ya LDIF, kenako n'kuilowetsa ndi slapadd. Zikumveka zosavuta, koma msampha uli pa ndondomeko: ukangoyamba ndi kuika yatsopano usanatulutse data, chida chowerengera mafayilo akale chapita limodzi ndi version yakale ija. Ineyo ndinagwamo, ndinakhala mu ofesi mpaka usiku kusaka kompyuta yoti ndiikemo version yakale.

A RPM, chida choikira mapulogalamu pa Linux monga Fedora, anachita mwina. Mu 4.16, mu 2020, anabweretsa SQLite, ndipo Fedora 33 inasamukira komweko. Koma analembanso kachidutswa kakang'ono kotchedwa bdb_ro, kamene kamawerenga fayilo ya Berkeley DB popanda library ya Oracle, ndipo sikalemba kanthu. Pofika 4.17 anachotsa code yonse yodalira library ya Berkeley DB, kowerengerako n'kutsala. Apa pali yankho la funso lanu loti "ndachotsa chiyani". Cholemera si kuwerenga ayi. Cholemera ndi kulemba: ma lock, ma transaction, ma log, kukonza magetsi akathima. Zimenezo ndi zimene zimakuyendetsani pa njinga. Kuwerenga kamodzi n'kuthira mu SQLite ndi ntchito yochepa, ndipo code yake sisintha chifukwa mafayilo akalewo sadzasinthanso.

Kwa inu, amene anthu anu alibe wa IT pafupi, njira ya OpenLDAP ingakupwetekeni. Mlembi wa gulu ku Tsangano sadzakumbukira kuti choyamba n'chiti.

Mayi wolemba mapulogalamu, Zomba:

Ndikugwirizana ndi akuluwa pa mfundo yoti muchotse kulemba, musiye kuwerenga. Koma pa kulemba nokha chowerengera ngati bdb_ro, pepani, ine ndikukana. A RPM ndi gulu la anthu ambiri odziwa mkati mwa fayiloyo. Inu muli nokha ku Dedza, ndipo mukalakwitsa pa ma overflow page, momwe mumasungidwa data yaitali, mbiri zazitali zidzaduka mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse. Mudzazindikira mlimi atabwera kudzadandaula.

Ine ndikanapanga kachida kapadera kosamutsira, kosiyana ndi seva, ndiye kuti pulogalamu yanu yaikulu ija. Kamangeni kamodzi ndi libdb 5.3, library ya Berkeley DB ija, yolowetsedwa mkati mwake, static, kuti kasadalire zimene zili pa kompyuta. Seva yatsopano isadziwe chilichonse cha Berkeley DB kupatula chimodzi: ikaona mafayilo akale m'foda ndipo palibe fayilo ya SQLite, ikane kuyamba, ilembe m'Chichewa chomveka kuti "data yanu ili m'kasungidwe kakale, yendetsani chida chosamutsira". Isayerekeze kutsegula database yatsopano yopanda kanthu. Mlembi akaona mayina onse asowa adzayamba kulembanso pamanja, ndipo pamenepo mudzakhala ndi mabuku awiri osagwirizana.

Chinanso chimene chikundichititsa kukonda library yeniyeni: ngati mumagwiritsa ma transaction, zina zimene munthu analemba zimakhala zili m'mafayilo a log, zisanafike mu fayilo yaikulu. Chowerengera chopanda library sichiona zimenezo. Ndi magetsi athuwa, mafayilo ambiri amene mudzalandire adzakhala oti kompyuta inathima mwadzidzidzi. Ndiye chida chanu chiyambe ndi kukopera foda yonse pamalo ena, ma log omwe, chiyendetse recovery pa kopeyo, kenako chiwerenge. Foda yoyambirira musaikhudze, ndipo chida chisafufute kanthu ngakhale zitayenda bwino.

Mkulu wa ku Lilongwe uja:

Mayi, apa mwandigonjetsa, za ma log ndinaziiwala. Ndingowonjezera kuti chida chapaderacho chiziyenda m'phukusi limodzi ndi seva. Chikakhala choti munthu akachitenge pa intaneti payekha, ku Mayani sichidzafika.

Msungichuma wa gulu la alimi, Ntcheu:

Ine za ma code sindizidziwa, ndinalowa m'gulu muno chifukwa cha mwana wanga. Koma zotere zinatichitikira ndi pulogalamu ina, ndiye ndilankhuleko ngati wogwira buku.

Kwa ife kusamuka kwatheka pokhapokha ndalama zikagwirizana. Chida chanucho chisindikize pepala: mamembala analipo angati, tsopano alipo angati, ngongole yonse inali zingati, tsopano ndi zingati, nyengo ndi nyengo. Wapampando ndi msungichuma asayine. Kwathu kunasiyana makwacha ochepa chabe, koma msonkhano unatha tsiku lonse, anthu akuganizirana kuba. Ndiponso musabwere nthawi yogawa feteleza, mvula ikayandikira. Nthawi imeneyo kompyuta ikaima theka la tsiku, pakhomo pa ofesi pamadzaza anthu.

Mayi wa ku Zomba:

Amayi anena zoona, ndipo kusiyana kwa makwacha ochepako nthawi zambiri kumachokera pa kusunga ndalama ngati float, nambala ya madesimo imene kompyuta siisunga ndendende. Posamutsa sandutsani zonse zikhale matambala, nambala yathunthu, kwacha imodzi matambala 100. Yang'aninso mayina okhala ndi ŵ. Berkeley DB imasunga ma byte mmene mwaipatsira, sifunsa kuti ndi zilembo zanji, ndiye ngati ena analemba pa Windows yakale mudzapeza zosakhala UTF-8. Chida chisataye mzere wotero, chiulembe pambali kuti munthu auone.

Mnyamata wa ku Kawale:

Chabwino ndagonja, koma muikepo malire. Chida chimenechi mudzachisunga mpaka liti? A GitLab atasiya database ya MySQL mu version 12.1, mu 2019, ananeneratu poyera, anthu n'kusamuka. Popanda tsiku, anthu anu sadzasuntha.

Wofunsa:

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Mmene ndamvera ndichita chonchi. Version ikubwerayi ikhala yomaliza kulemba mu Berkeley DB, ndipo iziwonetsa chenjezo potsegula. Yotsatira, ikatha nyengo yogulitsa, idzakhala ya SQLite yokha. Tsiku limene achimwene a ku Kawale akufuna ndiliika pa kulemba, osati pa chida chosamutsira. Chimenecho chizikhala m'phukusi nthawi zonse chifukwa cha ma flash a m'madirowa aja. Ndatenga kale makope a mafoda atatu akale, ndasintha mayina a anthu, kuti ndiziyesera chidacho ndisanatulutse version iliyonse. Pepala losayina ndaliika pamwamba pa mndandanda, amayi.

Chatsala chimodzi. Ndayang'ana kompyuta ya ku Tsangano pa zithunzi zimene mlembi wanditumizira pa WhatsApp, ndipo ndi ya 32-bit. Mayi a ku Zomba, chida cha static chija ndimange kawiri, kapena ndingomanga cha 32-bit chokha n'kuyendetsa ponse?

Mayi wa ku Zomba:

Mangani kawiri, si ntchito yaikulu. Ndipo mukamapita ku Tsangano nyamulani laputopu yanu ndi flash ziwiri, mukopere foda musanagwire china chilichonse.