Zidole zingati pa atsekwe a Seputembala?

Wa ku Fergus Falls:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru pa kusaka atsekwe kuno ku Minnesota, m'dziko la America. Munda ndi wa tirigu wokolola kale, maekala pafupifupi 80, ziputu zake zazifupi. Masiku atatu otsatizana mwakhala mukutera atsekwe pakati pa 40 ndi 50, m'mawa ndi madzulo omwe. Akuchokera pa kadziwe ka kumpoto, ndipo amabwera m'timagulu ta asanu, asanu ndi awiri, nthawi zina khumi. Loweruka ndili ndi alenje anayi. M'ngolo muli zidole zooneka ngati atsekwe, zokopera atsekwe enieni kuti atere: zathunthu (za thupi lonse) madazeni 4 ndi zafulati (zophwatalala, zozika pansi) madazeni 6. Ndiyale zonse kapena ndichepetse? Dzulo pamunda wina tinayala madazeni 8, atsekwe anazungulira kamodzi n'kukatera mayadi 80 kumbali.

Wa ku Devils Lake:
Chepetsani achimwene. Nambala mwaitchula kale nokha: mwaona 45, ndiye musapitirire pamenepo, ndipo ndi bwino kutsikirako. Zathunthu 30 kapena 36 zakwana.

Atsekwe a Seputembala si aja obwera kuchokera kumpoto, ku Hudson Bay ku Canada, ayi. Amenewo sanafike. Awa ndi a pompano, anaswedwa m'madziwe a m'deralo mu Epulo ndi Meyi, ndipo akuyendabe ngati banja: tate, mayi ndi ana awo. N'chifukwa chake mukuwaona asanuasanu. Mundawo amaudziwa, anzawo amene amadya nawo amawadziwa kuchuluka kwake. Dzulo anasiya anzawo 45, lero akupeza 120 ataunjikana, akuluakulu a banjalo amakayika, ndipo akakayika satera pakati, amatera patali kuti ayambe aonetsetsa.

Chachiwiri n'chakuti zidole zikachuluka, bwalo limakula. Tsekwe amakonda kutera m'mphepete mwa gulu, mbali imene mphepo ikupita. Madazeni 8 oyalidwa motakasuka amakankhira mphepeteyo mayadi 50 kapena 60 kuchokera pamene pali mfuti. Mwina ndi zimene zinakuchitikirani dzulo.

Kayalidwe kake: mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse zidole 5 mpaka 7. Mkati mwa banja siyani yadi imodzi kapena ziwiri pakati pa zidole, ndipo pakati pa banja ndi banja mayadi 8 mpaka 10. Nyengo ino kukutentha, chakudya chili mbwee, sapanikizana ngati mu Novembala. Pa banja lililonse, cha mutu m'mwamba chikhale chimodzi basi, zotsalazo zikhale zowerama ngati zikudya. Mitu yambiri m'mwamba imauza obwerawo kuti pansipo pali chowopsa.

Wa ku Rochester:
Ndikuvomereza, ndipo ndiwonjezepo za malo oterapo. Awa ndi atsekwe a mtundu waukulu uja, amene anthu ankaganiza kuti anatheratu mpaka katswiri wa za mbalame Harold Hanson atawapeza kuno ku nyanja ya Silver Lake mu 1962. Wamkulu amapitirira makilogalamu 5, mapiko ake ndi otambalala, ndipo satera pothinana. Siyani bwalo lopanda chidole la mayadi 15 kapena 20 m'lifupi, pakati pake pakhale mayadi 20 kuchokera pamapazi a alenje. Mphepo ikuombeni kumsana kapena paphewa, popeza iwo amatera moyang'anizana nayo. Kutsogolo kwa bwalolo, njira imene adzere, musaikeko kanthu. Tsekwe wamkulu sakonda kudutsa pamwamba pa anzake akamatsika, amangotera asanawafike.

Mukafuna, ikani zidole zitatu zokha m'mbali mwa bwalolo ngati zangotera kumene ndipo zikuyenda kulowera kugulu.

Wa ku Horicon:
Akulu, zonsezi n'zoona, koma ine ndikuona kuti tikulimbana ndi nambala pamene vuto lili pobisala. Alenje anayi ndi inuyo, ndiye kuti zobisalamo zogona (mabokosi ansalu amene mlenje amagonamo chagada) zisanu pa ziputu zofika m'kakolo. Zidole 30 zomwazikana sizingabise mabokosi asanu. Atsekwe akazungulira kamodzi n'kutsetserekera kumbali asanatsitse miyendo, kawirikawiri aona anthu, osati kuti awerenga zidole.

Muyambe mwaona ngati pafupi ndi pamene akudyerapo pali mzere wa udzu, ngalande kapena mpanda. Ukakhala mkati mwa mayadi 100, bisalani m'menemo, zidole muziyale mayadi 10 mpaka 30 kutsogolo kwanu. Pamenepo ngakhale 24 zikwana, chifukwa sizikugwiranso ntchito yobisa munthu.

Ngati palibe, ndiye mugone pakati pamunda koma mugwire ntchito. Zobisalamozo muzipake matope Lachisanu, ziume, mukuntheko pang'ono, kuti nsalu isanyezimire. Zinyalala za tirigu muzitenge m'munda womwewo koma kutali, mayadi 200, osati pamene mugonepo, chifukwa popalasa pamasiya dothi lakuda looneka bwino kuchokera m'mwamba. Muzilowetse m'malamba onse a pazobisalamozo mpaka nsalu isaoneke ngakhale kumapazi ndi pazitseko. Zobisalamo zonse zisanu zigundane, mipata yake muitseke ndi zinyalala zomwezo kuti zioneke ngati kamtumbira kamodzi. Kenako tengani zafulati 12 kapena 18 muzizike mozungulira pamenepo, makamaka kumitu ndi m'mbali, kuti ziphwanye mthunzi dzuwa likamatuluka. Ndiye kuti zonse pamodzi zifika pafupifupi 45 kapena 50, zomwe n'zofanana ndi zimene mwaona.

Wa ku Devils Lake:
Pamenepo sinditsutsa. Kungoti zafulati zisayang'ane mbali imodzi. Tsekwe akamazungulira, chafulati chimene wachiona chakumphepete chimazimiririka. Zikaloza kosiyanasiyana, zina zimasowa zina n'kuonekera, ndipo zimakhala ngati gulu likuyenda. Zikaloza kumodzi, zonse zimasowa nthawi imodzi, iye n'kudzidzimuka. Muzitalikitsenso, mayadi awiri kapena atatu.

Wa ku Fergus Falls:
Zamveka. Nanga madazeni 10 aja ntchito yake ndi liti? Ndipo akuti Loweruka m'mawa mphepo idzakhala yochepa kwambiri, mwina mamailosi 3 pa ola.

Wa ku Horicon:
Ambiriwo ndi a tsiku limene simuli pamunda umene akudya, mwangokhala pansi pa njira yawo pakati pa dziwe ndi chakudya. Pamenepo mukufuna akuoneni ali patali n'kusintha ulendo, ndiye yalani madazeni 6 mpaka 10, mukupize mbendera yooneka ngati mapiko a tsekwe, muitane mwamphamvu ndi kachitoliro kolira ngati tsekwe. Ntchito ina ndi kumapeto kwa mwezi ndi mu Okutobala, mabanja akayamba kuphatikizana ndipo obwera kuchokera kumpoto akafika. Komanso m'munda wa chimanga chodulira ng'ombe, mmene nthawi zina amasonkhana mazanamazana ngakhale nyengo isanapite patali. Mukaona 300, yalani zonse zimene muli nazo.

Wa ku Rochester:
Za mphepozo zikusintha zinthu. Kukakhala bata, zidole sizigwedezeka, ndipo chilichonse choima chilili ndi umboni wokutsutsani. Chepetsaninso: zathunthu 24, kuphatikizapo zafulati zobisira anthu zija. Popanda mphepo sadzatsata njira imodzi, choncho dzuwa likhale kumsana kwanu kuti liwathobwe m'maso, ndipo bwalo loterapo likhale loonekera kuchokera kumpoto kumene akuchokera.

Bata la Seputembala limabwera ndi mame. Chidole chonyowa chimawala ngati galasi dzuwa likangochigunda. Konzani zobisalamo kaye, zidole muziyale pomalizira, kutatsala mphindi 30 kuti nthawi yowombera ikwane, ndipo mukhale ndi kansanza kopukutira misana. Zokutidwa ndi ubweya wonga veleveti siziwala kwambiri, ndiye zimenezo ziikeni pafupi ndi bwalo.

Poitana musachulutse. Akuonani ndipo akubwera, khalani chete kapena muyankhe pang'onopang'ono. Mbendera ikupizeni ali kutali, akafika mayadi 150 muigoneke pansi.

Wa ku Devils Lake:
Chinanso achimwene, atsekwe 45 ndi ochepa, ndipo m'deralo mwina ndi omwewo mpaka akumpoto atafika. Banja la asanu kapena asanu ndi awiri likatera bwino, womberani. Akabwera 25 pamodzi, ganizirani kawiri, chifukwa mugwetsa asanu n'kuchenjeza 20, ndipo mawa lake sadzayandikanso chidole. Kadziwe kamene akugonako musakayandikire n'komwe. Mukawaombera pogona, asamuka dera lonselo.

Alenje anuwo muwaone zipolopolo asanatsike galimoto. Zamtovu n'zoletsedwa pa mbalame za m'madzi m'dziko lonse la America kuyambira 1991. Zachitsulo za saizi ya BB kapena nambala 2 zikwana pa mayadi 20 mpaka 35. Malire a mbalame pa tsiku amasiyana pakati pa Minnesota ndi kuno ku North Dakota, ndiye muwerenge kabuku ka chaka chino. Mufunsenso mwini munda ngati sanathirepo mbewu pansi atakolola, popeza kusaka pamalo othiridwa nyambo ndi mlandu.

Wa ku Horicon:
Ndipo pamene muyale pakhale penipeni pamene anadyera Lachisanu. Akauluka madzulo, lowani ndi tochi, mupeze zitosi zatsopano ndi nthenga, muzikepo kamtengo. Munda wa maekala 80 mumdima umaoneka chimodzimodzi paliponse, ndipo mukaphonya ndi mayadi 100, adzatera pamalo awo akale inu mukuwayang'ana. Mutengenso ayezi m'bokosi, chifukwa pofika 9 koloko kudzakhala kutatentha ndipo tsekwe wonenepa sachedwa kuwonongeka akaunjikidwa padzuwa.